Kuchokera ku ndende ya Zomba kukafika pa benchi ya agogo



Lero ndati ndilembeko nkhani ya mbiri yakale imene mu silabasi yathu mulibe, koma ikukhudza aliyense amene amaima kutsogolo kwa ana tsiku ndi tsiku. Ndi mbiri ya kafukufuku wa matenda a maganizo kuno ku Africa, makamaka kafukufuku amene maboma analipira ndi ndalama za misonkho. Nkhaniyi ndi yotalikirapo, ndiye khalani pansi bwinobwino.

Tonse tinamvapo anthu akunena kuti uje anapenga ndi sukulu, kapena kuti kuwerenga kwambiri kumazunguza mutu. Tinamvaponso kuti matenda okhumudwa ndi a azungu, munthu wakuda amangolimba mtima basi. Ambirife timayesa kuti izi ndi nkhambakamwa za pa bawo chabe. Komatu mfundo ziwiri zonsezi zinalembedwapo ndi madokotala a boma, zinasindikizidwa m'magazini a akatswiri ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri zinkalemekezedwa ngati sayansi. Panafunika kafukufuku wina, wolipiridwanso ndi maboma, kuti ziyambe kugwedezeka.

Chimene ndikufuna tione limodzi ndi ichi: kafukufuku amayankha funso la amene watulutsa ndalama, ndipo yankho lake limadalira anthu amene afunsidwa komanso chinenero chimene awafunsira. Tiyambira kwathu konkuno, kenaka tipita ku Kenya, Nigeria, Uganda ndi Zimbabwe, tisanabwererenso kumudzi.

ZOMBA, 1910 MPAKA 1953

Malo oyamba a boma osungirako odwala misala m'dziko muno anatsegulidwa ku Zomba m'chaka cha 1910. Sichinali chipatala ayi. Chinali chigawo cha ndende yaikulu ya Zomba, ndipo amene ankayang'anira odwalawo anali asilikali a ndende. Cholinga chenicheni chinali kuchotsa pagulu anthu ooneka oopsa kapena osokoneza mtendere. Ambiri ankafika kumeneko atadutsa kwa bwana DC kapena kukhoti, ena atavulaza kapena kupha munthu.

M'chaka cha 1935 madokotala awiri a boma la Nyasaland, H. M. Shelley ndi W. H. Watson, anachita kafukufuku pa odwala a pamalowa. Zotsatira zake zinatuluka mu 1936 m'magazini ya ku Britain yotchedwa Journal of Mental Science. Tisaiwale kuti mbali yaikulu ya ndalama za boma la atsamunda inkachokera ku msonkho wa nyumba, umene makolo athu ankausaka movutikira m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje kapena m'migodi ya ku Rhodesia ndi South Africa. Tinganene kuti agogo athu analipirako kafukufukuyu, ngakhale palibe anawafunsa kuti funso limene likuwavuta ndi liti.

Madokotalawa anapeza odwala ambiri a schizophrenia, matenda aja amene munthu amamva mawu a anthu oti palibe kapena kukhulupirira zinthu zoti kulibe. Koma chimene chinawakopa kwambiri ndi nkhani zimene odwalawo ankalankhula. Anazigawa pawiri, zachikuda ndi zachizungu. Wonena za mfiti ndi mizimu anamuika mbali ina. Wonena kuti ndi mpondamatiki, ali ndi galimoto, kapena ndi bwana wamkulu wa boma, anamuika m'gulu la zachizungu. Kuchokera apa anatsamira ku maganizo akuti kukhudzana ndi moyo wachizungu, kuphatikizapo maphunziro a kusukulu, kumasokoneza mutu wa munthu wakuda.

Inu amene munaphunzira kusanthula umboni wa mbiri yakale mwaona kale pamene pali vuto. Ndani ankafika ku Zomba? Anali anthu okhala kufupi ndi boma, ndi mishoni, ndi minda ya azungu, kumene wapolisi angathe kuwaona. Wodwala wa kumudzi wakutali ankasamalidwa ndi abale ake kapena kupita naye kwa sing'anga, ndipo m'mabuku a boma sanalowemo. Nanga n'chodabwitsa kuti pakati pa otsekeredwawo panapezeka anthu opitako kusukulu? Chachiwiri, munthu wodwala amalankhula za zinthu zimene waziona pamoyo wake. Amene anaonapo galimoto ya bwanamkubwa alankhula za galimoto. Sukulu ingasinthe nkhani zimene wodwala akunena, koma zimenezo sizikusonyeza kuti sukulu ndiyo yamudwalitsa. Chachitatu, mayi amene wangokhala chete m'nyumba, osadya, osagona, osasangalala ndi china chilichonse, sasokoneza mtendere wa munthu. Palibe DC amene akanamutumiza ku Zomba. Zili ngati mlendo atafika pasukulu, n'kuwerenga buku la zilango la ahedi lokha, kenaka n'kulemba lipoti lonena za khalidwe la ana onse a pasukulupo.

Amene mukufuna kudziwa zambiri za nthawi imeneyi, katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, amene anaphunzitsako ku Chancellor College, analemba za malo a ku Zombawa mu 1983. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo loyendetsera chisamaliro cha odwala misala la chaka cha 1948 linagwira ntchito zaka zoposa 70, kudutsa ufulu wodzilamulira ndi matipate omwe.

NAIROBI: DOKOTALA AYANKHA FUNSO LA BOMA

Maganizo a ku Zomba aja sanali a Nyasaland yokha. Amene anawafikitsa patali ndi dokotala wina wa boma la atsamunda ku Kenya, J. C. Carothers, amene anayang'anira chipatala cha odwala misala cha Mathari ku Nairobi kuyambira 1938 mpaka 1950. Mu 1951 iye analemba nkhani yofananiza munthu wakuda wabwinobwino ndi mzungu amene wachitidwa opaleshoni yodula mbali ya kutsogolo kwa ubongo. Ankanenanso kuti matenda okhumudwa sapezekapezeka pakati pa anthu akuda, ati chifukwa munthu wakuda sadziimba mlandu mumtima, zoipa zonse amaloza mfiti kapena mizimu.

Mwina mukuganiza kuti munthu wolemba zotere anzake anamuseka. Ayi ndithu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, limene limayendera ndalama zosonkha maboma, linamupatsa ntchito yolemba buku lonena za maganizo a anthu a mu Africa, ndipo linatuluka mu 1953 ndi mutu wakuti The African Mind in Health and Disease.

Pa nthawiyo n'kuti ku Kenya kukuyaka moto. Nkhondo ya Mau Mau inali itabuka, ndipo mu 1952 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Boma lomwelo linaitana Carothers kuti adzafotokoze chimene chalowa m'mitu ya Akikuyu. Lipoti lake, The Psychology of Mau Mau, linatuluka mu 1954. Nkhani ya minda imene azungu analanda sinapatsidwe malo ake oyenera. M'malo mwake kuukirako kunafotokozedwa ngati kusokonekera kwa maganizo a anthu amene ataya chikhalidwe chawo koma chachizungu asanachigwire. Lipotilo linagwirizana ndi zosonkhanitsa Akikuyu m'midzi yoyang'aniridwa ndi boma, ndipo pomatha 1955 anthu oposa miliyoni imodzi anali atakankhidwira m'midzi yotereyi.

Onani mmene funso linalili. Boma silinafunse kuti anthuwa akudandaula chiyani. Linafunsa kuti anthuwa chawavuta n'chiyani m'mutu kuti atiukire. Funso likakhala lotero, yankho limakhala litadziwika kale kafukufuku asanayambe.

ARO NDI MIDZI IWIRI YA KU UGANDA

M'chaka chomwecho cha 1954, ku Nigeria kunkachitika zina. Thomas Adeoye Lambo, mbadwa ya ku Abeokuta, anabwerera kwawo ataphunzira udokotala ku Birmingham ndi za matenda a maganizo ku chipatala cha Maudsley ku London. Anapatsidwa udindo woyang'anira chipatala cha boma cha Aro, chimene n'kuti chisanathe kumangidwa. M'malo modikira makoma, Lambo anakambirana ndi mafumu a midzi yozungulira kuti odwala azigona m'nyumba za anthu a m'midzimo. Wodwala aliyense ankabwera ndi mbale wake womuphikira ndi kumuyang'anira. Masana ankalandira chithandizo ku chipatala, madzulo n'kubwerera m'mudzi. Lambo anagwiranso ntchito ndi asing'anga ena, chinthu chimene madokotala anzake ambiri sanachikonde.

Lambo anatsutsa poyera zolemba za Carothers. Koma kutsutsa ndi pakamwa pokha sikukwanira, pamafunika umboni. Iye pamodzi ndi Alexander Leighton wa ku yunivesite ya Cornell ku America anatuluka m'chipatala n'kukafunsa anthu wamba m'midzi ya Ayoruba ndi m'tauni ya Abeokuta. Buku la zotsatira zake, Psychiatric Disorder among the Yoruba, linatuluka mu 1963. Linasonyeza kuti mavuto a maganizo amene Ayoruba ankakumana nawo ankafanana kwambiri ndi amene Leighton anawapeza pakati pa azungu a dera lina la kumidzi ku Canada. Lambo pambuyo pake anakhala wachiwiri kwa mkulu wa WHO kuyambira 1973 mpaka 1988, bungwe lomwe lija linasindikiza buku la Carothers.

Umboni wina wamphamvu unachokera ku Uganda. John Orley ndi John Wing anafunsa anthu a m'midzi iwiri m'chinenero chawo cha Luganda, pogwiritsa ntchito mafunso omwewo amene ankafunsira anthu a ku London. Wing anali mkulu wa nthambi ina ya Medical Research Council, bungwe la kafukufuku loyendera ndalama za boma la Britain. Zotsatira zinatuluka mu 1979, ndipo zinasonyeza kuti matenda okhumudwa analipo m'midzi imeneyi, mwinanso ochuluka kuposa pakati pa amayi amene anafunsidwa ku London. Misonkho ya dziko lomwe lija linatumiza Shelley, Watson ndi Carothers ndiyo inathandizanso kugwetsa mfundo yawo. Chinasintha ndi chiyani? Ofufuza anasiya kuwerenga anthu otsekeredwa okha, anapita pakhomo pa munthu, n'kumufunsa m'chinenero chake.

HARARE: KUFUNGISISA

Kutanthauzira mafunso a Chingerezi ndi sitepe imodzi. Sitepe yotsatira inali kumvetsera mawu amene eni ake amagwiritsa ntchito. M'zaka za m'ma 1990, dokotala wochokera ku India, Vikram Patel, akugwira ntchito ku Harare, anafunsa odwala, anamwino ndi asing'anga kuti munthu wovutika mumtima amafotokoza bwanji vuto lake. Mawu amene ankabwerabwera ndi a Chishona akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Ifenso timatero: akuganiza kwambiri, maganizo amuchulukira, mtima wake suli m'malo. Kuchokera pa mawu oterewa, Patel ndi anzake anakonza mafunso 14 otchedwa Shona Symptom Questionnaire, amene anasindikizidwa mu 1997. Munthu wosaphunzira udokotala angathe kufunsa mafunsowa n'kuzindikira amene akufunika chithandizo.

Mu 2005 boma la Zimbabwe linagwetsa nyumba ndi misika ya anthu osauka m'matauni pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina. Lipoti la nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, pogwirira ntchito, kapena zonse ziwiri. Limodzi mwa madera okhudzidwa kwambiri linali Mbare, komboni yakale ya mu Harare, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera kuno ku Malawi ndi ku Mozambique. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anali mmodzi mwa madokotala otere pafupifupi 12 okha m'dziko lonselo. Iye amafotokoza kawirikawiri za mtsikana wina amene ankamuthandiza, yemwe anadzipha kumudzi kwawo chifukwa banja lake linalibe ndalama ya basi yobwerera naye ku chipatala ku Harare. Anazindikira kuti kudikira odwala mu ofesi sikungathandize.

Ndalama panalibe, anamwino anali otanganidwa, zipinda za m'makiliniki zinali zodzaza. Chimene khonsolo ya mzinda inatha kumupatsa ndi amayi achikulire 14 amene ankagwira kale ntchito yophunzitsa zaumoyo m'makomboni. Mu 2006 anaika benchi yamatabwa panja pa kiliniki ku Mbare, agogo aja n'kuyamba kukhalapo. Ndiyo Friendship Bench imene ena mwa inu munaimvapo.

Musaganize kuti agogowa amangocheza kapena kupereka malangizo a pachinamwali. Anaphunzitsidwa njira ya akatswiri a za maganizo yothandiza munthu kuthetsa mavuto ake mmodzimmodzi, ndipo iwo eni anathandiza kuiika m'mawu a Chishona. Gawo loyamba amati kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo: munthu amatula zonse zimene zamulemera, gogo akumvetsera osamudula. Kenaka pamabwera kusimudzira, kumudzutsa: pa mulu wa mavuto aja, mwini wake amasankhapo limodzi loti ayambe nalo, n'kuganizira yekha njira zimene angayese. Pomaliza pali kusimbisa, kumulimbikitsa kuti apitirize. Gogo sauza munthu chochita. Amakumana mpaka kasanu ndi kamodzi, ndipo amene vuto lake ndi lalikulu, monga wofuna kudzipha, amamupereka kwa oyang'anira odziwa zambiri. Akamaliza, ambiri amalowa m'magulu othandizana kumene amaluka zikwama za mapulasitiki otayidwa n'kumagulitsa. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Koma nkhani yokoma si umboni. Kuti zidziwike ngati benchi ikuthandizadi panafunika kafukufuku wodula, ndipo ndalama zake zinachokera ku Grand Challenges Canada, bungwe loyendera ndalama za boma la Canada. Anatenga makiliniki 24 a mu Harare n'kuwagawa pawiri mwa maere. Pa makiliniki 12 odwala ankapita pa benchi. Pa 12 enawo ankaonedwa ndi namwino n'kupatsidwa uthenga wofotokoza za vuto lawo, koma benchi panalibe. Maere ndi ofunika chifukwa amaletsa wofufuza kusankhira njira yake makiliniki abwino okhaokha. Anthu onse analipo 573, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi anawafunsanso. Zotsatira zinatuluka mu Disembala 2016 m'magazini ya madokotala a ku America ya JAMA. Mwa anthu 100 alionse amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa. Mwa amene sanakhalepo, anali pafupifupi 50 pa 100 alionse. Pa nkhawa napo kusiyana kunali kotero, 12 mbali ino ndi 48 mbali inayo.

Pano tifunsenso funso limene tinafunsa ku Zomba: ndani anawerengedwa? Mwa anthu 100 alionse a m'kafukufukuyu, 86 anali amayi, chifukwa amayi ndiwo amapezeka kwambiri pa kiliniki. Anali a m'tauni, ndipo anatsatiridwa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Choncho kafukufukuyu akutiuza zambiri za mayi wa m'komboni, koma zochepa za bambo amene safika n'komwe pa kiliniki. Komanso benchi si mankhwala a schizophrenia kapena misala ina yaikulu, imene imafunabe chipatala. Kunena izi sikunyoza ntchitoyi. Kusiyana kwake ndi ya Carothers n'kwakuti ofufuza a ku Harare analemba poyera amene anawafunsa ndi mmene anawasankhira, kuti wina aliyense athe kuona malire ake.

TIBWERERE KWATHU

Nanga kuno? Pa chipatala cha Thyolo, Robert Stewart ndi anzake anayesa mafunso a WHO omasuliridwa m'Chichewa pa amayi a ana aang'ono, ndipo mu 2009 anasonyeza kuti mafunsowo angathe kuzindikira mayi wodwala matenda okhumudwa. Mu 2014 Michael Udedi anasindikiza mu Malawi Medical Journal zimene anapeza pa chipatala chaching'ono cha Matawale ku Zomba. Mwa odwala amene anafunsidwa, pafupifupi 30 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene achipatala anamulembera matendawa. Anthu amafika akudandaula mutu, kuphwanya kwa thupi, kusowa tulo, mtima kuthamanga, n'kubwerera ndi panado. Tangoganizani, mtunda wochepa chabe kuchokera pamene Shelley ndi Watson anachitira kafukufuku wawo, wodwala wachete uja anali asakuonekabe patatha zaka pafupifupi 80.

Ife aphunzitsi nafenso tinalowamo m'mbiri imeneyi. Chapakati pa zaka za m'ma 2010, bungwe la Farm Radio International pamodzi ndi dokotala wa ku Canada Stan Kutcher, pa ndalama za Grand Challenges Canada zomwe zija, anaphunzitsa aphunzitsi ena a m'chigawo cha pakati za matenda a maganizo pakati pa achinyamata. Ena mukukumbukira pulogalamu ya pawailesi ya Nkhawa Njee, inali mbali ya ntchito yomweyo. Nayo njira ya benchi inafika kuno. Inayesedwa m'zipatala zina za ku Lilongwe pakati pa anthu oyamba kumwa ma ARV, kenaka m'zipatala za m'maboma pakati pa odwala shuga ndi BP, ndipo ndalama zake zinachokera ku boma la America.

NDALAMA ZA YANI, FUNSO LA YANI

Mwaona dzina la Canada, America ndi Britain likubwerabwera. Mayiko amenewa sanayambe kulipira kafukufuku wotere chifukwa cha chifundo pa ife. Anayamba ndi mavuto awo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amuna oposa miliyoni imodzi a ku America anakanidwa usilikali pa zifukwa zokhudza maganizo ndi ubongo. Zimenezi zinadzidzimutsa aphungu awo, ndipo mu 1946 anakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la National Institute of Mental Health mu 1949. Anaona vuto pakati pa ana awo, n'kupatula ndalama zawo kuti alimvetse. Zimene zinafika kwa ife ndi kachigawo chabe ka thumba limenelo.

Sindikunyoza thandizoli. Paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo popanda ndalama za ku Canada benchi ya ku Mbare ikanakhala nkhani yongosimbidwa yopanda umboni. Koma wothandiza amakhala ndi zofuna zake. Kwa zaka zambiri ndalama zaumoyo zochokera kunja zinkatsata HIV, choncho n'zosadabwitsa kuti kafukufuku wambiri wa maganizo kuno anachitikira m'makiliniki a ma ARV ndi a amayi oyembekezera. Ndi ntchito yofunika ndithu. Koma malipoti a apolisi athu chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo nkhani za ngongole ndi za m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Bambo wokodwa mu katapila sapezeka pa sikelo. Komanso thumba la mwini limatsekedwa tsiku limene mwini wafuna. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe la USAID n'kudula ndalama zambiri za kafukufuku wa zaumoyo, ndipo ife tinalibe ponena. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Anthu oti achite ntchitoyi tili nawo, ku Kamuzu University of Health Sciences, ku University of Malawi ku Zomba, ku St John of God ku Mzuzu ndi mu unduna wa zaumoyo momwe. Chimene ndikulakalaka n'chakuti kachigawo ka msonkho umene amatidula pa malipiro mwezi ndi mwezi kazipita kwa anthu amenewa kuti ayankhe mafunso athu. Ine anga ndi awa. Kodi chimachitika n'chiyani mumtima mwa mwana m'miyezi imene akudikira zotsatira za MSCE, ndi pamene dzina lake lasowa pa mndandanda? Kodi ana a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe amene anaona matope a namondwe Freddy akukokolola abale awo mu Malichi 2023 akuphunzira bwanji lero? Kodi benchi yofanana ndi ya ku Mbare ingagwire ntchito pasukulu yogonera, ndipo angakhalepo ndani, poti mwana sangamasuke kwa mphunzitsi yemweyo amene amamupatsa chilango? Nanga amuna, benchi yawo ingaikidwe pati kuti afikepo? Nanga ife aphunzitsi amene malipiro amathera kwa obwereketsa ndalama tsiku lomwe alowa?

Pamene tikudikira zimenezo, pali zochepa zimene zili m'manja mwathu. Ofufuza akabwera pasukulu ndi mapepala a mafunso, tiwalandire bwino, koma tiwafunse mwaulemu kuti walipira ndani, afunsa ana ati ndipo asiya ati, afunsa m'chinenero chanji, ndiponso ngati adzabwerenso kudzatiuza zimene apeza. Wofufuza wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Mafunso omwewa tiwaphunzitse ana athu m'kalasi, chifukwa ndi omwewo timafunsa pa chikalata china chilichonse cha mbiri yakale.

Chachiwiri, tisamangoyang'ana mwana wovuta yekha. Amene amaswa mawindo amadziwika ndi sukulu yonse ndipo dzina lake lili m'buku la zilango. Amene anali wochangamuka koma tsopano wangoti zii kumbuyo kwa kalasi, magiredi akutsika, tsiku ndi tsiku akudandaula mutu, ameneyo palibe buku limene limamulemba. Ife si madokotala ndipo tisayese kukhala madokotala. Koma kumuitana pambali, kumumvetsera osamudula, kulankhula ndi makolo ake ndi kumuperekeza ku chipatala ngati zafika povuta, zimenezo tingathe. Mwana akatchula zofuna kudzipha, tisamuseke kapena kumukalipira, ndipo tisadikire mawa.

Kwa inu amene ndinakuphunzitsani, ena mwa inu lero ndinu anamwino, ena muli m'maofesi a boma kumene amagawa ndalama, ena mukuchita kafukufuku ku yunivesite. Mukadzakhala pa tebulo pamene akusankha funso loti lifufuzidwe, mudzakumbukire kuti makolo athu analipira msonkho wa nyumba koma sanafunsidwe.

Pepani ndatalikitsa. Amene mukuona mosiyana, kapena amene munaphunzitsidwa nawo pa ntchito ya Nkhawa Njee ija, ndilembereni tigawane nzeru.